Fani ya Azakhali Ambaro

Kwathu kudoko, kharifu ikayandikira, anthu amagawikana pawiri. Amene angathe amakwera malole kupita kumapiri. Amene sangathe amatsala, n'kumauzana kuti chaka chino sikutentha ngati chaka chatha. Kharifu ndi mphepo, koma mphepo yokhala ngati yayamba yadzera mu uvuni wa buledi. Imadzuka m'mawa ndi mchenga wake n'kuomba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ngakhale akhwangwala amayenda kukamwa kuli yasa.

Azakhali Ambaro sanakwereko kumapiri ngakhale chaka chimodzi. Sanali azakhali anga a magazi. Tauni yonse inkawaitana choncho, ndi nkhalamba zowaposa zaka zomwe. Anamwalira kalekale, nkhondo isanagwetse theka la tauni yathu, ndipo pamanda pawo palibe cholembedwa. Ine ndinali mlembi wa boma mpaka kupuma, ndinalemba mayina ambiri osayenera inki, ndiye ndaona kuti ndilembeko limodzi loyenera.

Anabadwira kuseri kwa nyumba ya Mmwenye wina wogulitsa nsalu, kumene mayi awo ankachapa ndi kusita. Ana anzawo akuthamangitsa mbuzi, iwo ankauzira makala a m'simbi ndi kutokosa pulayimasi ndi kasingano. Atakula anakwatiwa ndi Magan, mwamuna wa m'zombo za matanga zopita ku Aden. Amalinyero anzake ankabweretsera akazi awo zibangili zagolide. Magan anabweretsa fani, imene anagula pamene Mzungu wina wobwerera kwawo ankagulitsa katundu wake.

Inali yofika m'chiuno mwa munthu, ya miyendo itatu yachitsulo, mapiko anayi amkuwa ali m'kati mwa mawaya. Pansi pake panali kanyale ka palafini. Ukayatsa kanyaleko umadikira pang'ono kuti chitsulo chitenthe, kenako n'kukankha phiko limodzi ndi chala, basi yayamba: kwete, kwete, kwete, osafulumira, ngati nkhalamba yopita kumzikiti nthawi ikadalipo. Aphunzitsi athu kusekondale anatifotokozera kuti mpweya ukatentha umafufuma n'kukankha kachitsulo, ukazizira umabwerera, ndipo kupita ndi kubwerera kumeneku n'kumene kumazunguza mapiko. Mayeso tinakhoza. Koma zoti moto ungabale mphepo yozizira, palibe anazikhulupirira ndi mtima wonse.

Zaka zinapita mwana osabwera. Alongo ake a Magan anayamba kuyankhula, poyamba chapansipansi, kenako pachitsime. Mapeto ake Magan anakwatira wina ku Aden. Tsiku lochoka anatenga bokosi lake ndi mkeka wopemphererapo.

"Faniyo anaikoka mpaka pakhomo," ankatero azakhali, "n'kupeza kuti ikulemera kuposa manyazi ake."

Chikuta kwathu ndi cha masiku makumi anayi. Phazi la mayi siliponda kunja. Mawindo amatseka kuopa mphepo ndi maso oipa, lubani amafuka, mpeni uli pansi pa pilo, ndipo mwamuna amene si mwini nyumba sayandikira pakhomopo. Mwini nyumbayo amangosuzumira ngati wodzabwereka mchere. M'nyengo yozizira ndi mwambo wokoma. M'kharifu, m'nyumba yamalata, ndi mphika wovundikira. Ana obadwa nyengo imeneyo anthu sankafulumira kuwakonda.

Chaka china mkazi wa nyumba yoyandikana ndi azakhali anachira kharifu ili pakati. Azakhali anamva kulira kwa khandalo kukucheperachepera kuseri kwa mpanda, n'kuitana mwini ngolo ya bulu yogulitsa madzi kuti awanyamulire fani. Mwanayo anakhala ndi moyo. Kuchokera pamenepo faniyo sinagonenso kwawo nyengo yotentha. Inkachoka m'chikuta china kulowa m'chikuta china, ndipo ukaona ngolo ya bulu ikudutsa, mapiko amkuwa akung'anima pamwamba, azakhali akutsatira pambuyo akukalipira bulu ndi mwini wake yemwe, unkadziwa kuti kwinakwake kwabadwa munthu.

Malipiro awo anali palafini ndi tiyi wa shuga wambiri. Ankakhala tsiku lonse pambali pa faniyo, kudula chingwe cha kanyale kuti chisachite utsi, kunyowetsa nsalu imene ankaikoloweka kutsogolo kwa mapiko, ndi kunyoza amuna kudzera pachitseko. Kanyaleko sankalola wina kukakhudza. Ana awiri akabadwa nthawi imodzi, ankapita kukawaona onse n'kusankha wofooka, osafunsa kuti bambo wake ndani kapena ndi wa fuko liti. Chifukwa cha zimenezi anali ndi adani okwanira munthu wolemera. Mkazi wa mwini masitolo a padoko sanawapatsenso moni mpaka kufa, chifukwa anamuuza kuti mwana wake wonenepayo akhoza kudzikupiza yekha.

Kenako kunabwera boma la asilikali, limene linkadzitcha la Chisinthiko. Tonse tinalamulidwa kuitanana kuti Jaale, kutanthauza mnzanga, kuti pasakhalenso bwana ndi wantchito. Mabwana anakhalabe mabwana, kungoti tsopano ankakuchotsa ntchito akukuitana mnzanga. Mkulu wa tauni yathu anali Jaale Bulhan, wochokera kumwera kumitsinje, kumene mitengo ili ndi mthunzi. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha ndi wathukuta, woyenda ndi thaulo m'khosi, wokhulupirira kuti chilichonse chochokera kulikulu chinaganiziridwa ndi winawake.

Kulikulu kunachokera lamulo lakuti tauni iliyonse ikhale ndi chipinda choonetsera zida za nthawi ya mdima, kuti anthu aone kumene tachokera n'kuthokoza. Tinapatula chipinda chachikulu cha m'nyumba yakale ya kasitomu, yomanga ndi miyala ya m'nyanja, makoma ake okhuthala ngati mkono, denga lili kutali. Tinasonkhanitsa simbi zamakala, mapulayimasi, nyale zopopa, mtsuko wosefera madzi, galamafoni yopanda singano. Koma Jaale Bulhan ankafuna chinthu choti Nduna ikadzabwera kudzatsegula idzaime n'kupukusa mutu. Wina anatchula fani ya azakhali.

Inali nyengo yozizira, faniyo ili pakona yovundikira ndi chiguduli. Masiku amenewo boma likapempha, munthu sankafunsa ngati likupemphadi. Ine ndinali pomwepo ndi cholembera changa, monga mwa ntchito.

"Mwanawe," anatero azakhali kwa Jaale Bulhan, pakuti mawu akuti Jaale sanalowepo m'kamwa mwawo, "kharifu isanafike mudzabweza?"

"Azakhali, kharifu ikamadzafika nyumba iliyonse idzakhala ndi magetsi. Zili m'ndondomeko."

"Ndondomekoyo kharifu mwaiwerengera?"

Jaale Bulhan anaseka, n'kuwapatsa m'malo mwake fani yamagetsi yatsopano, ya m'bokosi, mphatso yochokera ku dziko lina lokonda dziko lathu. Kunyumba kwa azakhali kunalibe waya ngakhale woyanikapo zovala.

Komiti yathu inakhala misonkhano iwiri kukambirana ngati faniyo iikidwe m'gulu la zowunikira, popeza ili ndi nyale, kapena la zoziziritsa, popeza ili ndi mapiko. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Pomaliza tinaipatsa gulu lakelake, n'kuilemba nambala ndi penti yoyera, n'kuimangirira ndi unyolo ku chitsulo cha m'simenti pakati pa chipinda. Kuyambira tsiku limenelo inali katundu wa dziko, ndipo wotulutsa katundu wa dziko pakhomo ankapita kumalo kumene makalata safika.

Magetsi sanabwere. Ngakhale jenereta ya tauni, imene inkaunikira maofesi ndi chipatala, inameza mchenga n'kuzima, ndipo kachitsulo koikonzera kanali m'njira. Kanali m'njira miyezi yambiri. Nduna nayo inali m'njira. Tsiku lake linkasunthidwa mwezi ndi mwezi, mpaka linadzagwera m'kati mwa kharifu, nthawi imene munthu wanzeru sabwera kwathu.

Mkazi wanga Timiro anali woyembekezera. Mwana wathu woyamba, wamwamuna, anabadwa m'kharifu zaka ziwiri m'mbuyo mwake tili kumudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja kumene ndinatumizidwa, ndipo sanatuluke m'chikuta. Choncho ulendo uno tinapangana kuti Timiro akachirire kumapiri kwa mayi ake. Koma tchuthi cha aliyense chinaimitsidwa chifukwa cha Nduna, ndipo malole onse anagwidwa kuti azituta laimu wopaka miyala ya m'mbali mwa msewu ndi anthu odzavina. Tinati tidikire mlungu umodzi, masiku akadalipo. Mwana sanadikire. Anabadwa masiku asanakwane, wamkazi, wokwana m'manja mwanga awiri n'kutsalako malo.

Nyumba yathu inali yamalata. Amayi oyandikana nafe ankasinthana kumukupiza ndi timikeka, koma kukupiza mpweya wamoto n'kungousuntha. Tsiku lachitatu mwana analeka kuyamwa, liwombo linalowa, kulira kwake kunali ngati kwa kamphaka kali kutali. Namwino wa kuchipatala anabwera, n'kunena kuti timusunge pozizira. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi.

Azakhali anafika osaitanidwa. Analowa, anakhalamo pang'ono, n'kutuluka. Anandipeza nditakhala pamwala panja.

"Iwe wa zolembera, dzuka. Tiye kwa bwana wako."

Tinapeza Jaale Bulhan akupukuta m'khosi, mapepala onse atawatsendereza ndi miyala kuopa mphepo. Azakhali sanakhale pansi.

"Ndabwera kudzatenga fani yanga. Mwana wa uyu akupita."

Jaale Bulhan anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti zamukhudza. "Pepa, Haybe. Mulungu amusunge. Koma azakhali, ija ili ndi nambala. Ikangodutsa pakhomo paja, ine ndi uyu tonse tikagona kundende. Tengani yanga iyi." Analoza fani yamagetsi imene inali chilili pakona.

"Yotero ndili nayo kale. Ndimayanikapo mpango."

"Ndiye nditani ine?"

Azakhali anayang'ana kudenga kanthawi. "Chipinda chako chija ndi cha ndani?"

"Cha anthu onse."

"Amayi amaloledwa?"

"Makamaka amayi. Chisinthiko chimalemekeza amayi."

"Mumatseka nthawi yanji?"

"Sitinatsegule n'komwe, azakhali."

"Chabwino," anatero, n'kutuluka. Jaale Bulhan anapuma mozama, poganiza kuti nkhani yatha mwamtendere.

Amene anavuta anali Timiro. Ndinamumva ndili pakhomo.

"Azakhali, ndituluke chikuta chisanathe? Woyamba uja anapita ndili m'nyumba, nditasunga zonse. Uyu ndikamutulutsa nayenso n'kupita, anthu adzati ndamupha ndine."

"Ndani wati utuluke? Iwe ugona pomwepo, phazi lako siliponda pansi. Lituluke ndi bedi. Bedi lilibe chikuta."

M'mawa mwake, mphepo isanadzuke, amayi a m'dera lathu anapinda timitengo pamwamba pa bedi la zingwe, n'kufunda mikeka ndi nsalu mpaka linaoneka ngati kanyumba ka abusa a ngamila. Timiro ndi mwana anali m'katimo, mpeni uli pansi pa pilo. Ananyamula bedilo pamapewa, wina ali patsogolo ndi mbale ya lubani, azakhali ali pambuyo ndi botolo la palafini. Amuna amene tinakumana nawo m'njira ankatembenukira kukhoma. Ine ndinkatsatira chapatali, nditanyamula ndowa.

Pakhomo pa nyumba ya kasitomu panali msilikali wachinyamata ndi mfuti yake.

"Imani. Katunduyu ndi wa chiyani?"

"Ndi mayi wa m'chikuta, mwana wa Dahabo iwe," anatero azakhali. "Ufuna uvundukule uone? Ndikawauze mayi ako kuti wayamba kusuzumira?"

Msilikaliyo anatembenukira kukhoma, ndi mfuti yomwe.

Unyolo unkaletsa fani kuchoka, koma sunkailetsa kuzungulira. Anaika bedi pambali pake. Azakhali anapukuta fumbi, anadontheza mafuta a makina osokera m'malo ake, anathira palafini, n'kuyatsa. Ndili pakhomo ndinamva akung'ung'udza kuti penti ya boma yadonthera pa phiko. Kenako kunamveka kwete, kwete, kwete. Anakoloweka nsalu yonyowa, n'kunditsekera chitseko pamphuno.

Tsiku limenelo lonse ankadonthezera mwana mkaka wa mayi wake m'kamwa ndi kansalu. Mawa lake masana mayi wina anatulutsa mutu n'kundiuza kuti wakoka bere pang'ono. Ndinapita kuseri kwa nyumba kumene kunalibe anthu, ndinakhalako kanthawi.

Pofika tsiku lachitatu lawo m'chipindamo zida zonse za nthawi ya mdima zinali pantchito. Pulayimasi inkaphika phala, mtsuko unkasefa madzi, simbi inkasita matewera. Galamafoni yokha ndi imene inakhalabe yokhulupirika ku boma. Ndipo tsiku lomwelo kunabwera uthenga wakuti Nduna ifika Lachinayi likudzalo, ulendo uno ndithu.

Jaale Bulhan anayamba watumiza mkulu wa bungwe la amayi a Chisinthiko, mayi waukali wovala yunifolomu, kuti akawatulutse. Mayiyo analowa nkhope ili gwa. Patapita nthawi anatuluka n'kutuma munthu kunyumba kwake kuti akatenge mafuta a mkaka ndi nsalu zofewa. Ndiye Jaale Bulhan anapita yekha, n'kuima patali ndi chitseko monga mwa mwambo, n'kutsokomola.

"Azakhali, ndi ine."

"Ine ndani? Amuna kuno tilibe nawo ntchito, yawo anamaliza."

"Nduna ikubwera Lachinayi. Ndikupempha m'mawa umodzi wokha. Tiwasamutsire ku ofesi kwanga, ikangodutsa abwerere."

"Ku ofesi kwako kuja mpando umawotcha matako?"

"Maola ochepa chabe."

Chitseko chinatseguka pang'ono, n'kutuluka nkhope ya azakhali yokha. Sanakweze mawu. "Mwanawe, kamwanaka kangoyamba kumene kukoka bere. Ukakadutsitsa pamphepo ija kupita ndi kubwera, utengeretu fosholo. Ndipo ukakumbe wekha. Bambo wake anakumbapo kale."

Chitseko chinatsekeka. Tinabwerera ku ofesi. Atakhala pampando anati, "Ndili ndi ana kumwera, Haybe. Ukudziwa kumene amapita anthu ochititsa Nduna manyazi."

"Ndikudziwa, Jaale."

"Sungamuuze mkazi wako?"

"Mukhoza kulowa mukamuuze nokha."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti akasambe mumzikiti. Komabe njira anali nayo, ndipo tonse awiri tinkaidziwa. Kukampu kunali asilikali ochokera kutali, osadziwa mayi wa aliyense, amene akanatulutsa bedi lija osatembenukira kukhoma. Foni inali patebulo pake, ndipo mwa zinthu zonse za boma m'tauni yathu, foni yokhayo inkagwira ntchito. Masiku otsalawo ankangoiyang'ana. Anayesa kuganiza zonena kuti kiyi watayika, kapena kuti m'chipindamo mwapoperedwa mankhwala a chiswe, koma ankadziwa kuti Nduna imene yabwera kudzatsegula chitseko siibwerera chifukwa cha kiyi. Anaonda ndikuona. Foniyo sanaigwire.

Lachinayi ana asukulu anaimikidwa padzuwa ndi timbendera, ng'oma zikulira, miyala yonse ya m'mbali mwa msewu ili mbee. Nduna inatsika m'galimoto itavala magalasi akuda. Inali munthu wamtali wosaseka, wodziwika kuti kumene wadutsa kumatsala mipando yopanda eni. Inayendera gulu la asilikali, inalandira maluwa apulasitiki, n'kulowa m'nyumba ya kasitomu, ife tonse tili pambuyo monga mwa maudindo athu.

Pachitseko cha chipinda chija panali kansalu kofiira koti adule. Pansi pake panali mzere wa nkhwaira za amayi. Fungo la lubani linali ponseponse. Nduna inaima.

Jaale Bulhan anachotsa thaulo m'khosi, n'kulipinda, n'kulipindanso. Mawu anatuluka owonda. "Jaale Nduna, ndili ndi mwayi wokudziwitsani kuti chipindachi anthu ayamba kale kuchigwiritsa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Muli mayi wa m'chikuta. Mwana anabadwa masiku asanakwane. Kunyumba kwawo n'kwamalata, ndipo faniyo ili ndi nambala, sikanatha kutuluka." Anapindanso thaulo lija. "Ndinadziwa, ndipo ndinalola."

Mawu omalizawo sanali oona kwenikweni, pakuti palibe anamupempha chilolezo, koma ndi bodza labwino koposa limene ndinamvapo mu ofesi ya boma.

Panja ng'oma zinkalirabe, kuseri kwa chitseko kukumveka kwete, kwete. Mlembi wa Nduna anali atatsegula kale kabuku kake. Nduna inayang'ana nkhwaira zija nthawi yaitali. Kenako inabwerera m'mbuyo pang'ono, monga amachitira mwamuna aliyense woleredwa ndi mayi, n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamkazi, Jaale Nduna."

"Akuyamwa?"

Yankho linachokera m'kati. "Akanayamwa bwino mukanachepetsa ng'oma zanuzo."

Nduna inakweza chala, munthu anathamanga, ng'oma zinaleka. Inapempha lumo, n'kudula kansalu kaja dzanja lili kutali, nkhope ikuyang'ana kukhoma. Ndiyeno, popeza zolankhula zinali zitalembedwa kale kulikulu ndipo zinayenera kulankhulidwa, inatulutsa mapepala n'kuwerenga zonse, monong'ona. Inanong'ona kuti zida zimene tikuziona m'chipinda muno ndi mboni za umphawi umene atsamunda anatisiyira. Inanong'ona kuti mbadwo wobadwa lero sudzadziwa n'komwe fungo la palafini. Inanong'ona kuti Chisinthiko chikhale mpaka muyaya, ife n'kuyankha monong'ona kuti chikhale. Tinaomba m'manja ndi nsonga za zala.

Potuluka inaima pafupi ndi Jaale Bulhan.

"Chikuyendera chiyani chinthu chimenecho?"

"Palafini, Jaale Nduna."

"Wa boma?"

"Wa bambo wa mwana."

"Ndiye palibe mlandu."

Madzulo ake kunabwera mbuzi, yomangidwa chingwe m'khosi, yoti ndi ya mayi wa m'chikuta, osanena wotumiza. Koma kabuku ka mlembi uja sikanatsegulidwe pachabe. Jaale Bulhan sanamangidwe, sanachotsedwe, koma sanakwezedwenso. Anzake ankasamutsidwira kulikulu mmodzimmodzi, iye anamusiya kwathu zaka zambiri, chimene m'boma aliyense amadziwa kuti ndi chilango. Anazolowera. Thaulo sanalisiye, koma anaphunzira kunena kuti chaka chino sikutentha ngati chaka chatha. M'malipoti ake ankalemba kuti chipinda cha zakale chikulandira anthu ambiri, makamaka amayi ndi ana, ndipo kulikulu ankatiyamikira.

Mwanayo tinamutcha Kaha. Lero ndi mayi wa ana akuluakulu, amakhala kudziko lina lozizira, ndipo akaimba foni amadandaula za chisanu. Ine ndimangomvetsera.

Tsiku lotuluka m'chikuta, amayi anamusambitsa Timiro, anamuveka zatsopano, anamufukiza lubani, mbuzi ija ili mumphika. Kwa nthawi yoyamba ndinaloledwa kulowa mpaka pakati pa chipinda. Azakhali anali atakhala pansi pafupi ndi fani yawo, atatsamira chikwangwani chofotokoza kuipa kwake. Anali ataonda, maso ali ofiira, pakuti masiku onsewo sanapite kwawo. Ndinali nditakonza mawu othokoza, abwino ndithu, a munthu wophunzira. Ndinangoyamba chiganizo choyamba.

"Bweretsa kuno," anatero kwa Timiro.

Anamuyesa mwanayo m'manja, kumukweza ndi kumutsitsa ngati wogula nsomba. Anapapasa paliwombo ndi chala, anamutsegula kadzanja n'kuona kakufumbata. Kaha anakwiya n'kulira, kulira kwenikweni kodzaza chipinda chonse mpaka kudenga.

"Walemera," anatero azakhali, n'kumubweza. "Mawu akowo ukalembe ku ofesi. Tulutsani bedi lanuli, mkazi wa Askar wosoka maukonde wachira dzulo, ndipo ndi amapasa."

Titafika pakhomo lakunja tinapeza bedi lina lofundidwa mikeka likudikira pamthunzi, amayi atalitula kuti apume. Chitseko chachikulu chinali chopapatiza, mbali imodzi yokha ndi imene inkatseguka, chifukwa kiyi wa mbali inayo ankasungidwa ku ofesi. Jaale Bulhan anabwera naye yekha. Anatsegula, anagwira chitsekocho ndi phewa kuti mphepo isachimenyetse, n'kuima choncho nkhope ili kukhoma mpaka mabedi onse awiri atadutsana.